Phula la kandulo pa chitenje cha malemu amayi

Lachitatu, Nchalo.

Usiku wathawu magetsi anazima titangomaliza kudya, ndiye mwana wanga wamkazi anayatsa kandulo kuti awerenge. Amene sanakhaleko kuno ku chigwa mu Okutobala sangamvetse. Masana kutentha kumapitirira madigiri 40, malata amasunga motowo mpaka usiku, ndipo kandulo amafewa asanayatsidwe n'komwe. Wathuyu anapindika ngati nthochi, n'kumadonthera pa chitenje chomwe ndinayala patebulo, phula lina n'kutsikira pa kapeti. Chitenjecho ndi chimene amayi anga ankavala popita ku Mvano. Nditachiona m'mawa uno, mtima unandiwawa kwambiri.

Ndinali nditatereka kale madzi kuti ndichinyike, koma apongozi anandigwira mkono. "Ayi amake mwana, mukachitikita chikadali chonchi phulalo lilowerera mu ulusi. Liumitseni kaye."

Kuumitsa kwake n'kumene kunavuta. Ndikati ndipale, linkangomatika ngati chiponde. Ndinatuma mwana kumsika kukagula madzi oundana a m'kajumbo, amene amagulitsa anthu a mafiriji aja. Ndinaika kajumboko pamwamba pa phulalo kwa mphindi ngati khumi, ndipo linauma gwa. Nditapinda nsaluyo linayamba kuthetheka, lotsalalo ndinapala pang'onopang'ono ndi msana wa supuni. Mpeni wakuthwa ayi, umadula ulusi.

Panatsala thotho lamafuta lokula ngati chikhatho. Magetsi anali asanabwerebe, choncho tinatulutsa simbi ya makala. Apongozi anaphula makala ambiri n'kusiya atatu okha, chifukwa phula la kandulo silifuna moto wambiri kuti lisungunuke. Ine ndinabwera ndi nyuzipepala, iwo n'kuikana: inki yake imatsalira pa nsalu. Tinatenga pepala lakhaki lokutira makope, lina pansi lina pamwamba, ndipo ndinkangogusitsa simbiyo osaikhazika. Pepalalo linkada n'kumaonekera ngati lakulungapo mandasi. Likatero ndinkalisuntha kuti pabwere pouma. Kasanu konse, mpaka linasiya kuyamwa. Kenako ndinapakapo sopo wotsukira mbale, ndikuchapa ndi madzi ofunda. Mwayi wake kanduloyo anali woyera. Wofiira amasiya utoto umene simbi singachotse.

Pa kapeti ndiye ndinalakwitsa. Ndinaiwala kuti ubweya wake ndi wa nayiloni, ndipo ndinasiya simbi pamalo amodzi nthawi yaitali. Ndinamva fungo la pulasitiki wopsa, kutukula pepala n'kupeza kamalo kosalala, kolimba, kongofanana ndi ndalama yachitsulo. Apo sipadzabwereranso. Kwinako ndinayala tawulo lakale pakati, ndikumagusitsa mwachangu, ndipo phula linachoka bwinobwino.

Mwana wanga tsiku lonse wakhala ali zyoli, kuopa kuti ndimukalipira. Ndamuuza kuti si iye analakwa, ndipo ndi amene wandithandiza kuyanika chitenjecho pamthunzi wa mtengo wa nimu kuti dzuwa lisachifwifwitse. Pofika nthawi ya nsima ya masana chinali chitauma kale. Ndachiyang'anitsitsa pa kuwala, ndipo pangotsala kachizindikiro kochepa pafupi ndi mpendero.

Ndachipinda n'kuchiika m'sutikesi. Madzulo ano kandulo tamuimika m'botolo la pakamwa pang'ono, botololo m'mbale yachitsulo, pansi pa simenti, kutali ndi neti ya udzudzu.