Loweruka ku dimba lathu la ku Bangwe

Lero inali nthawi yathu yothirira. Ndinafika kuseri kwa tchalitchi kusanache bwino, kuthawa dzuwa la Okutobala, koma ndinapeza amayi awiri atayamba kale kutunga pachitsime ndi makeni. Timasinthana: mabanja ena m'mawa, ena madzulo.

Ambirife kuno ndife a lendi. Pakhomo pamodzi nyumba zinayi, bwalo longoyanikapo zovala, ndipo alandilodi sangakulole kukumba ngakhale bedi limodzi. Kadimba aka ndiye munda wathu tonse. Muli mpiru, repu, tchainizi ndi anyezi. Bonongwe amangodzimerera m'mphepete mwa mabedi, ndipo agogo ena anatiletsa kumuzula. "Ana inu, ndiwo yosafuna feteleza mukuitaya?"

Ntchito yaikulu lero inali kumasula manyowa a Mbeya. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza timangomuona m'sitolo. Ndiye timasakaniza feteleza pang'ono ndi gaga wa kuchigayo, phulusa la m'mbaula zathu ndi zitosi za nkhuku, n'kuwaza madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21. Titamasula, fungo linatibweza m'mbuyo, koma manyowawo anali atapsa bwino, ofewa m'manja. Banja limodzi silingasonkhanitse zonsezi palokha. Wina ali ndi nkhuku, wina amaphika zitumbuwa ndiye phulusa silimusowa.

Nditatembenuza tsamba la repu ndinapeza nsabwe zitadzaza kunsi kwake. Tasinja masamba a nimu, tawanyika, mawa tipopera titaikamo sopo pang'ono.

Chimene chimandikhazika mtima pansi kwambiri ndi madzi. Ndikapatsa ana anga masamba amenewa ndimadziwa chitsime chomwe tathirira. Amene anaonapo mtundu wa madzi a mumtsinje wa Mudi nthawi yachilimwe, kapena amene anaika maliro pa kolera ya 2022 ndi 2023, andimvetsa. Masamba a kumsika wa Limbe, ambiri ochokera ku Bvumbwe, ndi abwino, koma mafuta a galimoto akasowa mpukutu umachepa mtengo uli womwewo.

Cha m'ma 9 tinathyola n'kugawana. Mayi wina wamasiye, amene akulera adzukulu, tinamuwonjezera osawerenga. Zotsala atsikana anakagulitsa kumsewu, ndalama yake yalowa m'bokosi la mbewu.

Mbuzi za anthu zatidyera bedi lonse la tchainizi sabata ino, ndiye tagwirizana kumanga mpanda wa nsungwi. Komanso mabanja ena akufuna kulowa nawo ndipo malo atithera. Kumunsi kwathu kuli malo omwe anthu amangotayako zinyalala. Lachiwiri a tcheya ndi amayi awiri apita kwa amfumu kukawapempha, ine ndalonjeza kulemba kalatayo usiku uno.