4 koloko yanga ndi 4 koloko ya ku Addis Ababa

Tikiti yotchipa imabwera ndi zake. Yangayo inandisiya pa bwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia, kwa maola 13, kutera 7 koloko m'mawa, ndege ina kunyamuka 8 koloko usiku. Nditakhala pampando wouma uja kwa mphindi 20 zokha ndinati ayi ndithu, ine sindingaswere pano tsiku lonse n'kumagula madzi a m'botolo odula ngati mankhwala. Chikwama chachikulu anali atachilemba kale kuti chikatsikire komwe ndikupita, ndiye ndinangotsala ndi kakumsana. Ndinalipira viza, kudinditsa pasipoti, kusintha timadola tochepa kukhala ma birr, ndalama za kumeneko, basi panja.

Musanyengeke ndi maola olembedwa pa tikiti. Mzere wa pasipoti wokha unandidyera ola lathunthu, komanso muyenera kubwerera kutatsala maola atatu, ndiye maola 13 aja amasanduka 8 kapena 9. Ngati muli ndi osakwana 6, khalani phee m'kati momwemo. Ubwino wa Bole ndi woti ili m'tauni momwemo, makilomita 6 okha kapena kuposera pang'ono kukafika pakati pa mzinda.

Dalaivala wa takisi anali bambo wachikulire, Chingelezi chake chongokwanira kukambirana mtengo. Anandisiya pa National Museum cha m'ma 8:30, ine ndi zala zinayi m'mwamba, “Bambo, mudzanditenge pompano 4 koloko.” Iwo anagwedeza mutu, kundipatsa kakhadi ka nambala yawo, kunyamuka.

Myuziyamuyo ndi yaing'ono kuposa mbiri yake. Chomwe ambiri amapitira ndi Lucy, mafupa a cholengedwa chakalekale chofanana ndi munthu omwe anapezeka ku Hadar, m'dziko momwemo, mu 1974, akuti ali ndi zaka 3.2 miliyoni, eni dziko amamutchula Dinkinesh. Ndi kamunthu kakafupi, mita imodzi n'kakuti, ndipo zomwe zili m'galasimo ndi zongoumba, mafupa enieniwo amasungidwa kwina. Ndinakhumudwa pang'ono, sindinama. Kuchoka apo ndinatsika wapansi kulowera kudera la Arat Kilo mpaka ku tchalitchi cha Holy Trinity komwe kuli manda a Haile Selassie, mfumu yomaliza ya Ethiopia, amene anamwalira mu 1975 koma anadzawaika mmenemo mu 2000. Kamtunda kosachedwa koma ndinali wefuwefu, kuiwala kuti mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 2,300, mpweya wake ndi wopepuka. Tengani jekete. Inali August, dzinja lawo, kumazizira zenizeni.

Zina zonse za masana ndidumphe. 4 koloko ikukwana ndinali nditaima kale pageti la myuziyamu. 4:15 zii. 4:30 zii, mvula n'kuyamba, osati yowaza koma ya mkokomo. Foni yanga inalibe simu khadi ya kumeneko, ndinkangodalira wifi ya ku eyapoti, ndiye kakhadi ka nambala kaja kanali kapepala chabe m'thumba. Matakisi odutsa onse odzaza. Mumtima ndinali nditayamba kale kuwatukwana bambo aja, poti theka la ndalama yobwererera ndinali nditapereka kale, uchitsiru wanga womwe.

Chapafupi panali mayi wina wogulitsa khofi pansi pa lona, timipando tatifupitifupi, mbaula ya makala, lubani akufuka. Anandikodola ndi dzanja, kundilozera mpando, osandifunsa n'komwe anatenga kamphika kawo kadothi ka khosi lalitali, amakatchula jebena, kundithirira m'kakapu kopanda chogwirira. Khofi wakuda bii, wa shuga wambiri, wotentha mpaka ndinamumva m'zala. Panali mnyamata wina wa ku yunivesite akuusanso mvula, ndiye ndinamudandaulira zonse, kumuonetsa kakhadi. Anaimba pa foni yake, kuyankhula chiyankhulo chawo cha Chiamhariki pang'ono, kenako anaseka mpaka khofi kutayikira pa thalauza.

“Achimwene, munawauza 4 koloko iti?”

Ndinati 4 koloko ndi 4 koloko, ilipo ina? Ilipo. Ku Ethiopia tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka, ndiye 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi 1 koloko, masana dzuwa lili paliwombo ndi 6 koloko. Zala zanga zinayi zija bambowo anamva 10 koloko m'mawa. Anabwera, kudikira pafupifupi ola, kulowa mpaka m'kati kundifunafuna, ine ndili kwa Haile Selassie. Iwonso tsiku lonse ankandiona ngati ine ndi amene ndawathawa! Mnyamatayo atawamasulira mayi aja, nawonso kuseka kugwira nthiti, kundithiriranso kapu yachiwiri. Akuti khofi kumeneko samwa kamodzi, amafika katatu, ndipo yachitatuyo ndi ya madalitso. Anandiuzanso kuti kalendala yawo ili ndi miyezi 13 ndipo ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8, ine n'kuti chonde zimenezo mundiuze tsiku lina, mutu wadzaza kale.

Chimandinyasa ndi chakuti tsiku lisanafike ndinawerenga za viza, za matakisi, za mbava za m'matumba, koma izi za wotchi sindinazione paliponse. Mwina zinalipo ine n'kudumpha. Mukamapangana nthawi ndi munthu kumeneko, lembani papepala ndipo funsani kuti ndi nthawi ya Chiitopiya kapena yakunja, iwo anazolowera funso limeneli.

Bambo aja anafika 5:20, wotchi ya pa dashibodi ikuonetsa 11:20, n'kumandilozera ndi chala ngati mphunzitsi. Kapu yachitatu ndinangomwa choimirira, mayiwo ndalama ya makapu awiri enawo anakana, anangolandira ya imodzi. Msewu wopita ku Bole unali utathinana, mvula, anthu akuweruka, ine maso pa foni mphindi iliyonse. Tinafika 6:25. Kusecha pakhomo, pasipoti, kusechanso kachiwiri kovulitsa lamba ndi nsapato, ndinakafika pageti masokosi ali chinyowere, m'thumba muli ma birr otsala osakwana ngakhale botolo la madzi lija.