Lachitatu pa shopu yotaipira: mizere yofiira ndi Chinyanja chathu

Magetsi anabwera cha m'ma 8 koloko, ndipo ntchito yoyamba pa shopu yotaipira pafupi ndi msika wa Kapata inali kalata ya Chingerezi ya gulu la alimi a mtedza. Pulogalamu yotaipira ya Word inagwira zolakwika zisanu ndi chimodzi. Zinayi zinali za zala kuterereka pa kiyibodi, ziwiri zinali za galamala, monga "the members has paid", pomwe inati palembedwe "have". Inalondola ponse.

Koma wapampando wa gululo ndi mayi, ndipo m'ndime yachiwiri kalatayo inamutchula kuti "he". Kompyuta sinaone kanthu. Chiganizocho n'cholondola pachokha, ndipo makina alibe njira yodziwira kuti wapampandoyo ndi mzimayi. Cholakwika chimenechi n'chofala kwathu kuno chifukwa "iye" wa m'chinenero chathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Amene mumataipira anthu makalata, "he" ndi "she" aliyense muzimufufuza ndi maso anu.

Makina ofufuza zolakwika m'zolemba amagwira ntchito m'njira zitatu. Yoyamba ndi mndandanda wa mawu: liwu likasowa pa mndandandawo limalembedwa mzere wofiira, kenako kompyuta imafuna liwu lina losiyana nalo ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri. Fred Damerau anasonyeza mu 1964 kuti zolakwika za kalembedwe zoposa 80 pa 100 zilizonse zimakhala za chilembo chimodzi chokha: chosowa, chowonjezera, cholakwika, kapena ziwiri zosinthana malo. N'chifukwa chake foni ya kasitomala wina lero inasintha "bambo" kukhala "bamboo". Njira yachiwiri ndi malamulo olembedwa ndi anthu, monga ambiri a mu pulogalamu yofufuza galamala ya LanguageTool. Yachitatu ndi makina ophunzitsidwa ndi ziganizo zambirimbiri, cholakwika ndi chokonzedwa chake moyandikana. Chingerezi chili ndi nkhokwe zodzaza za ziganizo zotere. Chinyanja nkhokwe yake idakali yaing'ono kwambiri.

Masana kunabwera chilengezo cha mpingo, masamba atatu a Chinyanja, ndipo sikirini yonse inangoti psuu ndi mizere yofiira. Mlembi wa mpingoyo anada nkhawa kuti walakwitsa zonse. Ayi ndithu, Word inkawerenga Chinyanjacho ngati Chingerezi. Chochita n'chachidule: sankhani zonse ndi Ctrl+A, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, muchonge "Do not check spelling or grammar". Kenako pa File, Options, Proofing, AutoCorrect Options, chotsani chongi pa "Replace text as you type" kuti isamasinthe mawu mwakachetechete. Mzere wofiira umaoneka, koma kusintha kwa mwakachetechete n'kumene kumawononga ntchito, chifukwa munthu amakuzindikira pepala litatuluka kale mu printa.

Vuto lina ndi kankhodolero kakang'ono ka mu "ng'ombe", "m'nyumba" ndi "n'kupita". Word imakonda kukasandutsa kokhota, pomwe kena kochokera pa foni kamabwera koongoka. Kwa munthu ndi liwu limodzi, koma kwa mapulogalamu ambiri ndi mawu awiri osiyana, ndipo ena amadula "ng'ombe" pakati n'kuwerenga "ng" payekha. M'chikalata chimodzi gwiritsani mtundu umodzi wokha.

Mnyamata wothandiza pa shopu anafunsa kuti, "Bwanji osangodina Add to Dictionary pa liwu lililonse mpaka kompyuta iphunzire?" Funso labwino, ndipo pa mayina monga Katete, Chadiza ndi Mpezeni njirayi imathandizadi. Pa aneni siifika patali. Taonani "sindinamuonenso": muli si-, -ndi-, -na-, -mu-, tsinde -on-, -e ndi -nso. Sinthani kachidutswa kamodzi mupeza "sitinamuonenso", "sindinawaonenso", "sanationenso", ndipo tsinde limodzi lomwelo limabala mawu zikwizikwi. Mndandanda wamba sungawamalize. Chofunika ndi pulogalamu ngati Hunspell, imene imafufuza kalembedwe mu LibreOffice (pulogalamu yotaipira ngati Word) ndi Firefox (yotsegulira intaneti). Iyo imasunga masinde mu fayilo ya .dic ndi malamulo a tizidutswa tam'mbuyo ndi tam'tsogolo mu fayilo ya .aff. Ntchito yolemba malamulowo ndi ya anthu odziwa chinenero, osati odziwa kompyuta okha.

Ngakhale zitatero, galamala yeniyeni ya Chinyanja ili pa mgwirizano wa magulu a mayina. M'chilengezocho munali "mipando anayi yathyoka". Liwu lililonse n'lolondola palokha, koma "mipando" imafuna "inayi". Makina ayenera kudziwa gulu la dzinalo, ndiponso ayenera kudziwa ulemu. Lamulo loumirira kuti "mfumu" nthawi zonse imayenda ndi "yafika" lidzalemba mzere pansi pa "Amfumu afika", chikhalirecho umu ndi mmene munthu woleredwa bwino amalankhulira. Pulogalamu yochotsa ulemu m'kalata yopita kwa akuluakulu ine sindingailole pa shopu.

Madzulo inatsala ntchito yofuna mtima wodekha. Chilengezo chomwecho chikafikanso ku mipingo ya kutsidya la malire a Mwami, choncho mlembi uja anapempha kuti chilembedwenso m'kalembedwe ka ku Malawi. Kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro kuno ku Zambia unavomereza mu 1977 kamalemba "cifukwa" ndi "nchito", pomwe ku Malawi ndi "chifukwa" ndi "ntchito". Amene angothamangira Ctrl+H, yofufuzira ndi kusinthira mawu, n'kusintha c aliyense kukhala ch adzapeza "nchhito". Dongosolo lake ndi ili: yambani ndi ch kukhala tch, mutachonga Match case kuti Chipata asasanduke Tchipata. Mukatero chongani Use wildcards, mufufuze c([!h]) n'kusintha ndi ch\1, kutanthauza c yekhayo amene sakutsatidwa ndi h. Bwerezani ndi C wamkulu pa mawu oyamba chiganizo, monga "Conde". Dinani Replace limodzilimodzi, osati Replace All, chifukwa mawu a Chingerezi monga "committee" nawo agwidwa. Pa masamba atatuwo panali malo 41, ndipo awiri anali mawu achilendo oyenera kusiyidwa.

Tisanasindikize, mlembi anawerenga chilengezocho mokweza, wina akutsatira pa pepala loyambirira lolembedwa pamanja. Khutu linagwira "kumsokhano" pomwe panafunika "kumsonkhano", ndi chopereka chimene chinataipidwa K15 m'malo mwa K150. Tinakonza ziwirizo, n'kusindikiza makope 60 magetsi asanazimenso.