Usiku umene agogo anatuluka pageti opanda nsapato

M'mawa uno pa gulu la WhatsApp la kwathu kuno ku Chibavi mu Mzuzu paponyedwa chithunzi cha bambo wina wachikulire amene wachoka pakhomo dzulo ndipo sakudziwika kumene walowera. Ambiri alemba kuti akumupempherera. Koma mmodzi wafunsa kuti, "Achikulirewa mukuwadziwa bwinobwino koma?" n'kuikapo tinkhope toseka. Ndakhala ndi foni m'manja kwa kanthawi, mtima ukuwawa, chifukwa ife zinatigwerapo mu July chaka chatha.

Agogo anga, mayi awo a amayi, tinakawatenga ku Ntcheu atayamba kuthira mchere mu tiyi, kusiya mphika pamoto mpaka kupserera, ndiponso kufunsa kuti agogo aamuna abwera nthawi yanji pamene anamwalira ine ndili ku pulayimale. Kumudzi ankangoti ndi ukalamba. Ku chipatala cha St John of God kuno ku Mzuzu ndi kumene anatiuza kuti ndi dementia, matenda amene amawononga ubongo pang'onopang'ono. Zaposachedwa ndi zimene zimayamba kufufutika, zakalekale zimatsala. Agogo akhoza kukutchulirani mayina a anzawo onse amene anavinidwa nawo, koma osadziwa ngati adya nsima masana. Dzuwa likamapendeka m'pamene zimavuta kwambiri. Amamanga tizovala m'chitenje n'kumati, "Ndipite ine, mbuzi sizinalowe m'khola."

Tsikulo amayi anali ku chigayo, ine ku ntchito, mng'ono wanga akuchapa kuseri kwa nyumba. Geti linangotsala lopanda loko. Pofika cha m'ma 5 koloko, pakhonde panali patapata wawo yekha.

Amene mumakhala kuno mukuidziwa July wa ku Mzuzu: kamvula kowaza, chifunga, kuzizira kolowa m'mafupa. Tinagawana njira. Mng'ono wanga anazungulira pa masiteji a akabaza kuwaonetsa chithunzi, ine ndinadutsa ku msika wa Zigwagwa mpaka ku depoti, poganiza kuti mwina akufunsa basi ya kwawo. Malume anakapereka lipoti ku polisi, n'kupitirira ku Central Hospital ku Luwinga kukasuzumira m'mawodi. Tinapereka chilengezo pa wailesi. Amayi a Umanyano a ku tchalitchi kwathu anayenda ndi matochi m'madambo ndi m'mphepete mwa zitsime, kuitana mumdima.

Ndinene zoona, kuzizira ndi magalimoto sindinkaziopa kwambiri. Ndinkaopa m'bandakucha. Tonsefe tikudziwa zimene anthu amanena nkhalamba yachilendo ikapezeka pakhomo pa munthu kukucha, yopanda nsapato, yolankhula zosamveka mutu: akuti yagwa pa ndege ya ufiti, lichero latha mafuta. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo lathu la za ufiti, lija la 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma gulu likadzaza pabwalo palibe amene amakumbuka za lamulo. Ndiye tangoganizani, agogo anga sadziwa Chitumbuka, ndipo aliyense akawafunsa kumene achokera amayankha mosakayika konse kuti ku Ntcheu, lero lomwe.

N'zimenedi zinachitika. Cha m'ma 4 koloko m'mawa, mayi wina wa ku Mchengautuwa amene amakazinga mandasi anatuluka kukakoleza mbaula, n'kupeza agogo atadzipinda pakhonde pake, kamtolo kawo ali kukumbatira. Anakuwa ndi mantha, anthu n'kutuluka. Atafunsidwa, agogo anati achokera ku Ntcheu usiku womwewo ndipo akufuna mbuzi zawo. Mayiyo anatiuza yekha kuti manong'onong'o anali atayamba, ndipo anyamata ena anali atayamba kale kujambula ndi mafoni.

Mayiyo anangoyang'ana mapazi a agogo. Anali ong'ambika, matope mpaka m'akakolo. Akuti anawauza anthuwo kuti munthu wouluka sang'ambika mapazi, anawagwira dzanja agogo, kulowa nawo m'nyumba, kutseka chitseko. Anawafunditsa bulangete, kuwapatsa tiyi ndi mandasi awiri oyamba kuphulidwa. Mwana wake amatchova kabaza, ndipo anali atachiona chithunzi chija pa siteji madzulo. Foni yanga inalira 5 koloko isanakwane.

Nditafika, agogo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwabwera mochedwa bwanji, asisi?" Amandiyesa mkulu wawo amene sindinamuonepo. Ndinangoti pepani, tiyeni tizipita, mbuzi zalowa kale. Kale ndinkawatsutsa, kuwakumbutsa kuti mbuzizo zinagulitsidwa zaka zambiri zapitazo, ndipo ankalira ngati amva koyamba. Ndinasiya.

Cholakwa chathu ndikuchidziwa. Matenda a agogo tinkawabisa. Amayi ankachita manyazi, ankaopanso kuti anthu adziti tikusunga wamisala, kapena zoposa pamenepo. Ndiye anthu oyandikana nafe anawaona agogo akudutsa ndi kamtolo, anawapatsa moni, n'kuganiza kuti akupita kukacheza. Sabata yomweyo ndinayenda khomo ndi khomo mumzere wathu, ndinapita kwa a bloko lida, kwa wa pa hokala, kwa akabaza a pa kona, kuwauza kuti mukawaona agogowa ali okha musawafunse zambiri, ingoyendani nawo n'kuimba nambala iyi. Amayi anasokerera kansalu kolembedwa nambala ya foni kumsana kwa juzi iliyonse, pakuti kakakhala kutsogolo amakasomphola. Pageti tinamangapo kabelu kakang'ono.

Mayi wa mandasi uja tinamupititsira shuga ndi sopo, anakana kawiri, kachitatu analandira sopo yekha.

Chithunzi cha bambo wa lero uja ndachitumiza kwa wa kabaza uja, mwana wa mayi wa mandasi, komanso ku magulu ena atatu. Kwa wa tinkhope toseka ndayankha kuti ayi, sitikuwadziwa, n'chifukwa chake tikuwafunafuna. Panopa ndi 6 koloko madzulo, kunja kwayambanso kuwaza, ndipo agogo ali pabalaza akumanga kamtolo kawo.