Purple martin safuna mitengo pafupi, koma komiti ya m'dera lathu sinkamva

Ana a mbalame zanga auluka, ndiye mtima wakhala pansi moti tsopano ndingathe kulemba zimene ndadutsamo. Ndimakhala ku America, kumpoto kwa chigawo cha Indiana. Amene munadutsapo ku Shipshewana kapena ku LaGrange munawona pa mafamu a anthu a Amish milongoti italiitali yokoloweka zipanda zoyera. Zimenezo ndi nyumba za purple martin, namzeze wamkulu kuposa onse a ku North America. Mbalamezi zimathawira chisanu ku South America, makamaka ku Brazil, ndipo kuno kwathu zimayamba kufika mu Epulo. Kum'mawa kwa mapiri a Rocky pafupifupi zonse zimaikira mazira m'nyumba zimene anthu aziikira. Eni nthaka monga a Choctaw ndi a Chickasaw ankazikolowekera zipanda kalekale, ndipo mbalamezo zinazolowera anthu mpaka lero.

Musanagule kanthu, tengani tepi muyeze mtunda wa mitengo. Ndikunena musanagule chipanda ngakhale chimodzi. Bungwe la Purple Martin Conservation Association la ku Erie, Pennsylvania, limalangiza kuti pasakhale mtengo wotalika kuposa nyumba ya mbalamezo mkati mwa mamita 12, ndipo zimakhala bwino koposa akakhala mamita 18. Chifukwa chake n'chakuti kabawi wotchedwa Cooper's hawk amabisala m'masamba n'kutulukira mwadzidzidzi, kadzidzi naye usiku amatera panthambi kumvetsera kulira kwa ana. Purple martin amafuna bwalo loti aziwona mdani akadali patali, komanso poti azitsika mothamanga popanda chomutchinga. Koma nyumba ya munthu saiwopa, amaifuna kumene. Mlongoti uzikhala pakati pa mamita 9 ndi 36 kuchokera panyumba panu, osati kutchire kutali.

Ine ndinayeza, ndipo malo abwino anali amodzi okha, pakati penipeni pa kapinga wa kuseri. Mavuto anayambira pamenepo.

Dera lathu lili ndi bungwe la eni nyumba, lija amati HOA. Ukafuna kuimika chilichonse pabwalo pako umalemba fomu, kumata chithunzi cha chinthucho, kujambula mapu a poloti, n'kulipira ndalama yosabwezedwa, akuvomere kaya akukane. Komiti yake imakumana kamodzi pamwezi. Ndinapereka zonse mu Febuluwale kuti pofika Epulo mlongoti ukhale utaima. Mwezi unatha, zii. Nditaimba foni anati fomu yanga sakuiwona. Lisiti ya ndalama ija ndinali nayo m'manja, koma anati ndibwere ndekha ku ofesi ndi mapepala ena. Ndinapempha tchuthi kuntchito, tsiku lopanda malipiro, n'kukakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Wosaina sanabwere. Mayi wa pa kauntala ankangoti, "Dikirani pang'ono bambo, afika." Chakumadzulo ndi pamene anandiuza kuti munthuyo ali ulendo sabata yonse. Ankadziwa chiyambire m'mawa! Mpaka lero ndikakumbukira benchi ija thupi limatentha.

Yankho litabwera linali loti avomera, koma mlongoti ukhale pakona, kuseri kwa mitengo ya maple, kuti usamawoneke kumsewu. Malo amene purple martin sangaterepo ndi amenewo. Ndinalemba kalata yofotokoza za kabawi, za mamita 12, zonse. Anayankha mzere umodzi, kuti lamulo la dera ndi limenelo. Popeza Epulo anali atafika, ndinaimika pomwe ananenapo. Mu Meyi mbalame zachinyamata zinabwera, zija zobadwa chaka cham'mbuyo mwake, zomwe nthawi zambiri ndi zimene zimayambitsa mudzi watsopano chifukwa zikuluzikulu zimabwerera kumene zinaswera kale. Zinazungulira m'mwamba, imodzi inatsika pang'ono, n'kupita. Chaka chonse chinapita choncho. Zipanda zanga zinangosanduka za mpheta.

Ndaiwala kunena za kukumba. Musanakumbe dzenje la mlongoti imbani 811, nambala ya anthu amene amadzakuwonetsani pomwe padutsa mapaipi ndi mawaya a pansi pa nthaka. N'zaulere, ndipo kuno ku Indiana mumawapatsa masiku awiri athunthu a ntchito. Amabwera kudzazika timbendera ndi kupopera penti: yachikasu ndi gasi, yofiira magetsi, yabuluu madzi. Awa sanandivute n'komwe, anabwera pa nthawi yake. Dzenje ndinathira simenti, ndipo mlongoti ndinasankha wa chingwe ndi chopukusira kuti zipanda zizitsika pansi ndikafuna kusuzumira. Wosatsika musagule, mudzalira nawo. Kutalika kwake mamita 4 kapena 5 ndi kokwanira.

Chaka chachiwiri ndinapemphanso, ndipo anandilipiritsanso ndalama ija yonse, ati kusuntha mlongoti ndi pempho latsopano. Mlongoti womwewo, poloti yomweyo. Ulendo uno sindinasiye pepala pa kauntala. Ndinasindikiza malangizo a bungwe la ku Erie lija, n'kupita ndekha kumsonkhano wa komiti. Amene anandipulumutsa ndi agogo ena oyandikana nafe, eni mitengo ya maple ija, omwe anakulira pafamu pomwe bambo awo ankasunga mbalamezi. Anaimirira n'kuuza komiti kuti iwo ndi amene aziwuwona mlongotiwo tsiku lililonse, ndipo akuufuna. Nkhani inatha pomwepo. Ngati kwanu kuli HOA, yambani mwagwirizana ndi aneba anu, ndipo mukaonekere nokha kumsonkhano. Pepala losiya pa kauntala limasowa.

Agogowo analolanso kuti tidule nthambi ziwiri zikuluzikulu zomwe zinkalowera kwathu. Odula mitengo kuno ndi odula mtengo kwambiri, ndalama yake inaposa ya mlongoti ndi zipanda zonse pamodzi. Dulani nthawi ya chisanu mbalame zina zisanamange, chifukwa lamulo la Migratory Bird Treaty Act la 1918 limaletsa kuwononga chisa chokhala ndi mazira kapena ana cha mbalame za m'dziko muno. Komanso musagwetse mitengo yonse. Purple martin amaifuna, kungoti ikhale patali. Chisa chikatha, amauluka kukathothola masamba aawisi kunsonga za mitengo n'kuwayala pamwamba pake, ndipo amapitiriza kubweretsa ena ngakhale wamkazi atayamba kukhalira mazira. Anga ankathothola pa maple yemweyo amene anandivutitsa. Mukawona masamba obiriwira m'chipanda, dziwani kuti mazira ali pafupi.

Tsopano zomangira chisa, zomwe anthu ambiri amandifunsa. Chabwino koposa ndi masamba ouma a paini, aja ooneka ngati singano amene amadzaza pansi ku Chikangawa ndi paphiri la Zomba. Kuno amagulitsa m'mitolo m'masitolo a zakudimba, koma ine ndinakapempha kwa mnzanga wa kutchalitchi amene ali ndi mitengo ya paini kuseri kwake. Mbalame zisanafike, ikani manja awiri kapena atatu m'chipanda chilichonse, mutsindire ndi chibakera kuti pakati pakhale kadzenje. Masambawa sasunga madzi, mvula ikalowa amauma msanga. Amathandizanso mbalame yofika yotopa usiku wozizira wa mu Epulo kuti isagone papulasitiki, komanso miyendo ya ana isamaterereke. Udzu wotchetcha pakapinga ayi, umawola n'kuchita nkhungu, ndipo nthawi zambiri umakhala ndi mankhwala. Thonje ayi, ulusi ayi, ubweya wa m'makina oumitsira zovala ayi. Ulusi umakola miyendo, zinazo zimamwa madzi.

Panja ndinakhoma thireyi pamlongoti waufupi, poyera, momwe ndimaika masamba ena a paini, mapesi a tirigu oduladula ndi timitengo ting'onoting'ono. Ngakhale mwaziikira kale, mbalamezi zimafuna kuwonjezera zawo. Zimafunanso matope, chifukwa zina zimamanga kakhoma kamatope kutsogolo kwa chisa, choncho ndinapalira kachigawo ka kapinga n'kumathirapo madzi m'mawa. Mayi a kunyumba anadandaula za matopewo masabata oyamba, koma tsiku lomwe anawona wamkazi atatera n'kunyamula dothi kukamwa anandiitana okha, "Bambo, tabwerani mudzawone." Thireyinso isakhale pansi pa mtengo kapena pafupi ndi zitsamba, amphaka a aneba amabisala momwemo.

Makoko a mazira musataye. Tsukani, muwotche mu uvuni kanthawi kuti tizilombo tife, muphwanye tizidutswa tating'ono, muike pathireyi. Zazikazi zimadya pofuna mphamvu yoikira mazira, ndipo makolo amapatsirako ana. Zigoba zophwanya za oyster, nkhono za m'nyanja, zomwe amagulitsira nkhuku zimagwiranso ntchito.

Mazira ake ndi oyera, nthawi zambiri 4 mpaka 6, amaswa pakatha masiku 15 kapena 16, ndipo ana amauluka ali ndi masiku 26 mpaka 32. Ndinkatsitsa zipanda kamodzi pasabata. Musawope kuti makolo athawa chifukwa mwakhudza chisa, sathawa. Chipanda china ndinachipeza chadzaza tinsabwe tofiira ngati utitiri wa m'khola la nkhuku. Ndinaika ana m'chidebe, kutaya chisa chonse, kupukuta, kuika masamba a paini atsopano, n'kuwabwezera. Makolo analowa ndi chakudya ndisanafike n'komwe pakhonde. Ndiye sungani mtolo wina wa paini pouma, mudzaufuna mu Juni. Ana akayandikira kuuluka lekani kutsitsa, angadumphe nthawi isanakwane.

Adani enanso ndi mbalame yotchedwa European starling ndi mpheta za house sparrow, zonse zochokera ku Ulaya. Zimalanda zipanda, kuswa mazira, starling amapha ngakhale mbalame yaikulu. Lamulo la 1918 lija silizitchinjiriza, choncho zisa zake mumachotsa. Starling ndinamugonjetsa ndi zipanda za khomo lopapatiza looneka ngati mwezi wongokhala kumene, lotalika pafupifupi masentimita 3. Mpheta zimalowabe, ndiye ndi kuchotsa tsiku ndi tsiku osatopa. Pamlongoti mangani chitini chotchinga kuti njoka ndi kanyama kokwera mitengo kotchedwa raccoon zisakwere. Ndipo wogulitsa akakuuzani kuti mbalamezi zidzatha udzudzu pakhomo panu, musamukhulupirire. Zimadyera m'mwamba kwambiri masana, atombolombo ndi tizilombo tina touluka, udzudzu ndi wochepa zedi m'zakudya zake.

Zikanyamuka kupita kum'mwera, tsitsani zipanda, mutsuke, mutseke makomo mpaka Epulo. Ndipo yezaninso mitengo chaka chilichonse, chifukwa maple amakula msanga ndipo nthambi zomwe tinadula zayamba kale kuphukira cha kwathu. Ndafunsa ku ofesi kuja ngati ndingasunthe mlongoti pang'ono mtengowo ukadzayandikira. Ati ndidzalembe fomu ina ndi kulipiranso.