Ndinali woyamba pamzere, koma Cole Palmer anapita kwa wina

Mu 2023 tinagwirizana anthu asanu ndi atatu akuntchito kuti tiyeseko Draft ya Fantasy Premier League, masewera a pa intaneti omwe umapanga timu ya osewera a m'ligi yaikulu ya ku England n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera. Fantasy ya masiku onse ija inali itatikwana. Aliyense ali ndi Haaland, womwetsa zigoli wa Manchester City, aliyense wamupatsa ukaputeni, ndiye mpikisano uli pati? Mu Draft wosewera amakhala wa munthu mmodzi basi m'ligi yonse. Za mapaundi 100 miliyoni zogulira osewera kulibe, kaputeni kulibe, ndipo ukafuna ukhoza kudzaza anyamata a Arsenal okhaokha. Mumasankha mosinthanasinthana mpaka aliyense atakwanitsa 15: magoloboyi awiri, otchinga kumbuyo asanu, apakati asanu ndi akutsogolo atatu.

Kontrakiti yake ndi yosavuta. Amene wasankha ndi wako mpaka utamutaya wekha kapena nyengo itatha. Ngakhale atagulitsidwa kunja kwa England, amangokhalabe m'timu mwako osabweretsa kanthu mpaka iwe utamuchotsa. Nkhani imakula pa otsala aja, omwe palibe anawasankha.

Pofika Okutobala ine ndinali kumchira kwa ligi, anzanga akundiseka tsiku ndi tsiku. Pa 7 mwezi umenewo Palmer, yemwe anali atangochoka ku Manchester City kupita ku Chelsea, anamwetsa penate ku Burnley. Nditayang'ana, ndinapeza kuti alibe mwini. Ndinadina dzina lake ndili ndi chimwemwe, koma foni inangondiuza kuti pempho langa lalowa pa waiver, mzere wopemphera osewera otsala. Apa m'pamene ndinadziwira kuti sabata imagawidwa pawiri.

Gawo loyamba, la waiver, limayamba nthawi yotsekera matimu ikangodutsa, pamene sungasinthenso timu ya sabata imeneyo. Nthawi imeneyi sutenga munthu, umangopempha: uyu alowe, uyu atuluke, ndipo onse awiri akhale osewera malo amodzi. Wapakati amatuluka polowa wapakati mnzake, osati goloboyi. Mapempho onse amaweruzidwa pamodzi patatsala maola 24 kuti matimu atsekedwenso, ndipo amayambira kwa amene ali pansi penipeni pa ligi, kumakwera chokwera. Ndiye kuti umphawi wanga wa mapointi unandiika patsogolo pa onse.

Ndinalemba mapempho awiri. Wotchinga kumbuyo wanga wina anali atavulala, choncho pamwamba ndinaika wolowa m'malo mwake, Palmer n'kubwera wachiwiri. Mumtima ndinkati poti ndine woyamba, anditumikira zonse ndisanachoke pawindo. Ayi ndithu. Zili ngati pachigayo: akakugayira thumba limodzi, lachiwirilo ukayambirenso kumbuyo. Pempho lako likangotheka umabwerera kumapeto kwa mzere. Likakanika, chifukwa wina watenga kale wosewerayo, ndiye amayesa lako lotsatira pomwepo. Lachisanu masana ndinatsegula foni n'kupeza wotchinga kumbuyo uja wafika, pamene Palmer wapita kwa mkulu wina amene anali wachiwiri kuchokera pansi. Mawa lake Palmer anagoletsanso penate posewera ndi Arsenal. Wotchinga kumbuyo wangayo sindikukhulupirira kuti panali wina amene ankamufuna.

Ndipo apo m'pamene pali nzeru yonse. Mapempho akangoweruzidwa, gawo lachiwiri limatseguka: otsala onse amasanduka ma free agent, woyamba kudina ndiye watenga, popanda mzere ndiponso popanda kudulidwa mapointi 4 monga zimakhalira ku Fantasy inayo. Ndikanaika Palmer pamwamba, wotchinga kumbuyoyo ndikanakamutola mwaulere madzulo ake ndikumwa tiyi. Masiku ano pamwamba ndimaika amene ndikudziwa kuti tikulimbirana, ndipo pansi pake ndimandandalika ena awiri kapena atatu, onse otulutsa wosewera yemweyo. Limodzi likatheka, enawo amafa okha.

Chinandipwetekanso china ndi loko. Wosewera amene wangotayidwa sakhala free agent nthawi yomweyo. Amatsekeredwa mpaka waiver yotsatira. Tsiku lina ndinataya wakutsogolo mwaphuma nditamva mphekesera zoti wavulala. Patapita ola, mphunzitsi wake anauza atolankhani kuti ali bwinobwino. Kubwerera kuti ndimutengenso, ndinapeza kaloko pa dzina lake. Sabata yotsatira ndinali nditakwerako pa ligi, moti anandilanda amene anali pansi panga.

Wotchi nayo muzisamala nayo. Matimu amatsekedwa patatsala mphindi 90 kuti masewero oyamba ayambe. Akakhala a Loweruka masana, kuno ku Malawi imakhala 12 koloko, koma Lamulungu lomaliza la Okutobala ku Britain akabweza wotchi, imasanduka 1 koloko mpaka kumapeto kwa Malichi. Kukakhala mpira Lachisanu usiku, waiver imagwa Lachinayi. Ine ndimalemba mapempho anga Lachiwiri, bandulo ilipo ndi magetsi akuyaka, kenako n'kumangowakonza.

Njira yotsala inali kusinthana, poti m'ligi mwathu tinalola zimenezo malinga ambiri asakane. Ndinapereka apakati awiri abwino kuti andipatse Palmer ndi wina wapabenchi. Mkulu uja anangoseka n'kunena kuti, "Achimwene, munali naye m'manja, mwati nditani ine?" Palmer anamaliza nyengo imeneyo ndi zigoli 22, ndipo chigoli chilichonse mkuluyo ankabwera pa desiki yanga Lolemba m'mawa kudzandifunsa ngati wotchinga kumbuyo wanga wadzuka bwanji.