Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mtsinje umene ababa anauona m'buku

M'gawo lapita lija ndinalekezera pa maliro a amayi ku Dedza, ndi momwe ndinabwerera ku Seattle mtima uli zii. Lero ndifotokoza za miyezi yotsatira, pamene ndinayamba kukonza ulendo wa pa sitima ya pamadzi wopita ndi ababa ku Alaska, kumpoto kwa America, umene abale ena ankati ndi kumwaza ndalama.

Ndiyambire patali pang'ono. Ababa anaphunzitsa jogalafe ku sekondale mpaka kupuma pantchito. Ndimakumbukira usiku wina wa mu Juni ndili mu Sitandade 5, kunja kukuzizira mwa ku Dedza muja moti m'mawa udzu wa kudambo umapezeka utayera ndi chisanu. Ife tinali titaunjikana pa mbaula, iwo akuchonga makope a Fomu 3. Ndinasuzumira m'kope lina n'kuona chinthu chonga lilime lalitali chikutsika pakati pa mapiri awiri.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

"Ndi glacier, Naphiri. Mtsinje wa madzi oundana, wouma gwaa ngati mwala. Umayenda, koma maso sangauone ukuyenda."

"Inuyo munauona?"

Anakhala kaye chete, cholembera chofiira chili m'manja. "Ndinauona m'buku."

Pofika Novembala 2018, ababa anali atasintha. Ndikawaimbira pa WhatsApp ankangoti "tili bwino, kaya inu kumeneko," basi nkhani yathera pomwepo. Mlamu wanga anandinong'oneza kuti kudimba anasiya kupita, wailesi sankatsegulanso. Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndipo chilimwe chonse ndinkaona sitima zikuluzikulu zoyera zitakocheza pa doko la Pier 91 mu Seattle momwemo, osaziganizira n'komwe. Zinali za anthu ena. Koma usiku wina ndikupinda nsalu za pabedi, mawu aja a "ndinauona m'buku" anangondibwerera, ndipo sanandichokenso.

Mnzanga wa pantchito, mayi wa ku Philippines amene mwamuna wake anagwirapo ntchito m'sitima zimenezi zaka zambiri, ndiye anandigwira dzanja. Nditamuonetsa ulendo wotchipa umene ndinaupeza pa intaneti, anapukusa mutu. Anati ndisalipire kalikonse ndisanaone mawu akuti Glacier Bay pa ndandanda ya masiku. Sitima zochoka ku Seattle zambiri zimayenda mausiku 7, n'kuima m'matauni a ku Alaska a Juneau, Skagway ndi Ketchikan, koma si zonse zimene zimalowa mu Glacier Bay. Malowa ndi paki ya boma, ndipo sitima zikuluzikulu zololedwa kulowamo ndi ziwiri zokha patsiku. Zina zimapita ku Tracy Arm, kumene njira yake ndi yopapatiza, ndipo zibuma za ayezi zikachuluka pamadzi sitima imabwerera isanafike pafupi. Kuli glacier winanso wamkulu zedi, Hubbard, wotalika makilomita oposa 120, koma kawirikawiri amene amamuona ndi okwera sitima zoyambira mumzinda wa Vancouver ku Canada n'kukatsikira kumpoto ku Seward kapena ku Whittier, kenako n'kubwerera pa ndege. Kwa ife zimenezo zikanachulukitsa matikiti.

Ndinayamba kuwerenga za Glacier Bay pa nthawi yopuma, 3 koloko ya usiku, tiyi ali pambali. Zimene ndinapeza ndi zimene zinawadzutsa ababa.

Mu 1794, pamene sitima za George Vancouver, wofufuza malo wa ku Britain, zinkadutsa m'derali, panalibe nyanja yoti n'kulowamo. Panali chikhoma cha madzi oundana chokhachokha. Mu 1879 kunafika munthu wina wokonda zachilengedwe, John Muir, atakwera bwato limodzi ndi eni dera a mtundu wa Tlingit, ndipo anapeza chikhoma chija chitabwerera m'mbuyo makilomita oposa 48. Lero sitima imayenda makilomita pafupifupi 100 m'kati, pamalo pamene kale panali ayezi, kuti ikafike pamaso pa glacier wotchedwa Margerie. Nditawawerengera zimenezi pa foni, ndinamva mpando ukukwekwesereka. "Makilomita 100? Ndiye kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Salima kumeneko. Tadikira, nditenge pensulo." Anayamba kuwerengera okha kuti pachaka ankabwerera mtunda wotani. Aka kanali koyamba chimwalirire amayi kuti tikhale pa foni ola lathunthu.

Chimene chinawakhudza kwambiri ndi nkhani ya anthu a Huna Tlingit. Iwowa ankakhala m'chigwa chimenechi kalekale, mpaka cha m'ma 1700 pamene glacier anatsika mwamphamvu n'kukwirira midzi yawo. Anathawa pa mabwato n'kukamanga ku Hoonah, kutsidya, kumene zidzukulu zawo zili mpaka lero. Mu 2016 anatsegulira nyumba ya mtundu wawo ku Bartlett Cove, pakhomo penipeni pa pakiyi, pa dothi la makolo awo. Ababa anati, "Ndiye ngati anzathu a ku Nsanje, Shire akakwiya. Kusiyana kwake n'koti awa anathamangitsidwa ndi madzi ouma. M'buku lathu lija munalibe anthu. Munali miyala ndi mivi yoloza kumunsi basi."

Tsiku limenelo ndi limene ndinawauza kuti ndikufuna tikauone limodzi. Sanayankhe. Anangofunsa kukula kwa sitimayo. Iwo anakwerapo Ilala kamodzi, kuchoka ku Chipoka kupita ku Nkhata Bay ali mnyamata, ndipo kwa iwo sitima ndi imeneyo. Nditawauza kuti iyi ndi yotalika mamita pafupifupi 290, moti ma Ilala asanu atandandalikidwa sangafike kumapeto kwake, anaseka. Ndinali nditaiwala kaseke kawo.

Achimwene anga aakulu sanasangalale nazo. Anati ndalama zimenezo bwenzi titasinthira malata a nyumba ya ababa, amene ayamba kudontha ku chipinda cha kumapeto. Sankanama, ndipo sindinawatsutse. Ndinawalonjeza kuti malata ndigula chaka chotsatira. Koma ine ndimagwira ntchito pakati pa okalamba, ndimaona momwe mawondo ndi maso zimathera mosayembekezera, chaka chino munthu akuyenda yekha, chaka chamawa ali pa njinga ya olumala. Ababa anali ndi zaka 74. Malata akanatha kudikira.

Ndinalowa chipereganyu ndi amayi anzanga asanu a ku Malawi ndi ku Zambia a kuno, n'kupempha kuti ine ndidzalandire mu Febuluwale. Ndinawonjezeranso mashifiti a Loweruka. Mtengo umene ankalemba pa intaneti nthawi imeneyo unali chiyambi chabe: pamwamba pake pankabwera misonkho ya madoko, ndalama yothokozera ogwira ntchito yoposa madola 13 munthu aliyense patsiku, ndi maulendo a kumtunda sitima ikaima. Pa amenewa ndinasankha umodzi wokha, basi yochoka mu Juneau kupita ku Mendenhall, glacier amene ali makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni. Za helikopita sindinaziyang'ane kawiri.

Pa chipinda ndi pamene ndinalimbana nazo masabata awiri. Cham'kati chopanda windo ndi chotchipa kwambiri, ndipo ambiri amati umangogonamo basi. Komanso sitima ikafika pa Margerie imaima pafupifupi ola, n'kumatembenuka pang'onopang'ono kuti mbali zonse ziwiri zione, moti aliyense akhoza kukwera pamwamba n'kuonera. Koma ndinaganiza za ababa ataimirira pa mphepo ija pakati pa chikhamu cha anthu onyamula makamera, bondo lawo la kumanzere likuwawa. Ndinatenga chipinda cha khonde. Ndinkafuna akhale pampando, bulangete lili m'miyendo, tiyi ali m'manja, adikire modekha mpaka chibuma chigumuke n'kugwera m'nyanja. Kumeneko phokoso lake amalitcha bingu loyera.

Mwezi tinasankha Juni. Sitima zimayenda kuyambira cha mu Meyi mpaka Sepitembala, ndipo kumapetoko mitengo imatsika, koma mvula ndiye imachuluka. Ku Ketchikan kumagwa mvula yoposa mamilimita 3,500 pachaka. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku ku Juneau. Ababa, osandiuza, anapita pa kaunjika pa Dedza n'kugula chijasi cholemera chofika m'mawondo. Ndinawauza kuti abwere nacho ndithu, koma chofunika kwambiri ndi majuzi opepuka ovala mosanjikiza, chipewa chophimba makutu, ndi jekete yosalowa madzi, imene ndinawagulira kuno.

Ndinkaona ngati zonse zatheka. Visa ya America anali nayo kale. Ndiye tsiku lina mnzanga uja anayang'ana ndandanda yathu n'kuloza tsiku lomaliza: Victoria, mzinda wa ku Canada, kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku. "Bambo ako ali ndi visa ya Canada?"

Miyendo inandizizira. Ndinati ife sititsika, tikhala m'sitima momwemo. Anati zilibe kanthu, popanda visa imeneyo sawalola n'komwe kukwera ku Seattle. Ku America kuli lamulo la 1886 limene limachititsa kuti sitima yolembetsedwa kudziko lina isamangozungulira madoko a America okhaokha ndi anthu, ndipo pafupifupi sitima zikuluzikulu zonsezi n'zolembetsedwa kunja. N'chifukwa chake zimakhotera ku Victoria, ngakhale kwa maola ochepa chabe. Ine wa green card, chiphaso chokhalira ku America mokhazikika, sindinkafunika visa. Ababa, ndi pasipoti yawo ya Malawi, ankafunika: madola 100 a Canada, kuwonjezerapo 85 a zidindo za zala ndi chithunzi, zimene zinali zitangoyamba kufunidwa kwa anthu a mu Africa mu Julaye 2018. Apa n'kuti tili mu Malichi, ndipo tsiku lomaliza kulipira ndalama yonse ya sitima linali litayandikira.

Usiku umenewo ndinadzaza mafomu mpaka kunja kunayera. M'mawa ndinawaimbira kuti ndiwafotokozere, mawu akunjenjemera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Chabwino, Naphiri, tipanga zimenezo. Koma tandiuza. Paja unati alonda a paki aja amakwera m'sitima momwemo tsiku la Glacier Bay?"

"Eya, ababa. Amabwera pa kaboti m'mamawa, n'kukwera pa makwerero a chingwe."

"Amalola munthu kufunsa mafunso?"

"Amalola."

"Chifukwa ndapeza kope langa lakale lija m'sutikesi ya amayi ako. Ndalemba mafunso 11."

Ndinalipira ndalama yotsalayo Lachisanu lomwelo, yankho la visa tisanalandire. Momwe tinadikirira, ndi zimene zinachitika pasipoti itabwera, ndidzafotokoza m'gawo 15.